Ndadzutsa gemu ya amuna anga pa laputopu, pano alamu akufuna fayilo yake

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 46, telala pa Nchalo. Ambiri amakulemberani akulira, koma ine ndikulemba ndikumwetulira ndekha. Pangotsala kanthu kamodzi kamene kakundisowetsa mtendere. Mundilole ndiyambire patali kuti mumvetse.

Amuna anga, ndiwatchule kuti a Sebastiano ngakhale si dzina lawo lenileni, ayendetsa thirakitala yokoka nzimbe ku esiteti zaka zoposa makumi awiri. Samwa mowa, sasuta. Chowasangalatsa chinali chimodzi basi: pulesiteshoni yakale yakuda ija, imene anagula kwa mnzawo wa kuntchito mwana wathu Dyna ali ku pulayimale. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ankatulutsa TV pakhonde, anzawo n'kudzaza, mpira wa pa gemu mpaka dzuwa kupendeka. Mu gemumo anapanga timu yawoyawo. Osewera onse anawapatsa mayina a anzawo amene ankamenya nawo chikulunga kwawo ku Chiromo ali anyamata. Ine ndinkawaseka kuti, "Bambo a Dyna, imvi zayamba izi, zidolezi mudzasiya liti?" Iwo ankangoti, "Simungazimvetse."

Madzi a namondwe wa Freddy atalowa m'nyumba mwathu, makinawo tinawaika m'beseni pamwamba pa wadiropu. Anapulumuka, koma chinyontho chinawalowa. Ankayaka ndithu, chizindikiro n'kuoneka pa TV, koma ukaika chimbale ankangokhwekhwereza osawerenga kanthu. Bambowo anawakulunga m'chitenje n'kuwasunga kunsi kwa bedi.

Chaka chatha mu Ogasiti, amuna anga anagwa kuseri kwa nyumba akuchokera kosamba. Inali sitiroko. Mng'ono wawo, alamu anga a Dennis, amene ali ndi vidiyo sho pamsika pano, ndiwo anathamanga ndi njinga yamoto. Tinawamangirira akulu awo kumsana ndi chitenje, ine nditakhala kumbuyo kuwagwira, mpaka kuchipatala. Anachira, tithokoze Mulungu, koma dzanja lamanja linafooka ndipo lilime linalemera. Ntchito ya thirakitala inathera pomwepo.

A mafizo, aja olimbitsa ziwalo kuchipatala, anawapatsa kampira kofewa koti azifinya, n'kuwauzanso kuti azitola nyemba m'mbale imodziimodzi. Anachita masiku awiri. Lachitatu kampira kaja anakaponya kuseri kwa mpanda ndi dzanja lamanzere. Akakwiya amathawira ku Chisena. Anati, "Nkhabe! Munthu wobweza m'mbuyo thirakitala ya matirela awiri, lero ndizitola nyemba ngati nkhuku?" Kuyambira apo anasiya kutuluka. Anzawo akabwera ankati ndiwauze kuti agona. Mabatani a malaya ndinkawamanga ndine, iwo atayang'ana kukhoma. Aphungu, ndinkaona munthu akuzima ine ndili pomwepo.

Tsiku lina ndikusesa ndinakoka chitenje chija kunsi kwa bedi. Maso a bambowo anatsatira makinawo mpaka nditawabwezera. M'mawa mwake ndinawaika m'jumbo pamodzi ndi nsalu za makasitomala, ulendo kwa Helena, mayi wokonza mafoni pamsika amene ndimamusokera madiresi. Atawatsegula anati, "Amayi, diso lowerengera chimbale lafa, ndipo kulipeza masiku ano n'kovuta. Koma zina zonse zili moyo. Kunyumba muli ndi laputopu?" Ndinati ilipo yakale imene Dyna anasiya atapeza ntchito ku Blantyre, yokhala ndi polowetsa chimbale pambali.

Helena anandifotokozera kuti pali pulogalamu yotchedwa emyuleta, imene imachititsa kompyuta kugwira ntchito ngati pulesiteshoni. Koma payokha siyenda. Imafuna kafayilo kotchedwa bayosi, kamene kamakhala m'kati mwa makina enieniwo n'kumawauza mmene angadzukire. Anati, "Inu ndinu telala. Makina osokera opanda bobini mungapalase tsiku lonse, nsalu siigwirana. Bayosi ndiye bobini yake." Apo ndinamva. Ndinafuna kumusiyira zonse, koma anakana. "Njira ndikuuzani, koma manja akhale anu. Ikadzavuta kunyumba ine sindidzakhalako."

Ine amene ndinkadziwa watsapu yokha, ndinayamba sukulu pabenchi ya Helena masana aliwonse makasitomala akachepa. Emyuleta tinaiika bwinobwino. Kenako ndinalakwitsa. Chifukwa cha phuma, ndili ndekha kunyumba ndinasaka bayosi pa intaneti, n'kutsitsa fayilo yoyamba imene ndinaiona. Laputopu inangodzaza zithunzi zotsatsa malonda, zina zochititsa manyazi, ukatseka chimodzi n'kutuluka zitatu. Helena anaitsuka tsiku lonse akundikalipira: "Bayosi muli nayo m'nyumba mwanu, yanuyanu, mukukatola zinyalala pamsewu bwanji?"

Njira yolondola inali yoitulutsa m'makina athu omwe. Pankafunika memori khadi yapadera yokhala ndi pulogalamu yokopera. Dyna anaipeza ku Blantyre n'kutipatsira pa minibasi. Tinaibaya pa pulesiteshoni pamodzi ndi fulashi. Fulashi yanga yatsopano makinawo anaikana, anavomera kakale kothyoka chivindikiro kamene Helena anakatola m'kabati. Ulendo woyamba magetsi anathima tili pakati. Ndinatsala pang'ono kulira. Wachiwiri manambala oyera anathamanga pa TV mpaka anaima okha. Titabaya fulashi pa laputopu tinapeza timafayilo tingapo ta mayina aatali a zilembo ndi manambala. Ndinatiika ndekha mu foda ya bayosi, n'kuilozera emyuleta pamene tili. Dzina la bayosi yathu litangoonekera pa mndandanda, ndinakuwa mpaka wogulitsa usipa pafupi anabwera kudzasuzumira.

Ntchito inali isanathe. Chimbale cha mpira ndinachipukuta ndi kansalu kofewa, n'kuchikopera m'laputopu. Zimene bambowo anasunga pa memori khadi yawo yakale tinazisamutsanso kudzera pa fulashi yomweyo. Tinagula kolumikizira kuti padi yawo yakale yosewerera gemu, yothetheka mabatani, igwire pa laputopu. Poyamba osewera ankathamanga ngati ali m'matope. Ndinatsitsa kuwala ndi kukongola kwa chithunzi monga Helena anandiuzira, n'kuyamba kuyenda bwino. Kutentha kwa kwathu kuno mukukudziwa, laputopu inkapsa ngati simbi. Ndinaikhazika pa mipukutu inayi ya ulusi kuti mpweya uzidutsa pansi. Nzeru imeneyo ndi yanga, Helena mpaka anaijambula.

Loweruka lina masana, mwezi wa Novembala, ndinaika tebulo pakhonde, n'kulumikiza laputopu ku TV. Bambowo anali chigonere pa mkeka m'nyumba. Sindinawaitane. Ndinangokweza mawu n'kuyatsa. Kaphokoso kaja kamene makinawo ankalira akamayaka katangomveka, ndinamva ndodo yawo yoyendera ikugunda pansi. Anaima pakhomo. Ndinatsegula timu yawo, mayina n'kundandalika pa TV: Kalioti pagolo, Juma, Ernest, Paul, onse. A Kalioti anamwalira zaka zisanu zapitazo. Amuna anga anawerenga mayinawo mokweza, limodzilimodzi, ndi lilime lawo lolemera lija, osalumpha ndi limodzi lomwe. Atamaliza anakhala pampando n'kutambasula dzanja, lamanja lenilenilo. "Bweretsani kuno."

Tsiku limenelo chala chachikulu chinkangotsetsereka pa mabatani. Kompyuta inawagonjetsa zigoli zisanu ndi chimodzi kwa duu, thukuta lili kamukamu, koma anakana kusiya. M'mawa mwake anandifunsa okha kuti, "Kampira kaja kanagwera kuti?" Ankafuna kulimbitsa zala kuti azitha kumenya shoti. Ndinakakapeza m'munda wa anansi. Patatha milungu itatu anagoletsa chigoli choyamba, ndipo anakuwa mpaka mbuzi za pafupi zinabalalika. Ananditembenukira n'kunena kuti, "Takhuta, mai a Dyna." Zaka 25 za banja, sindikumbuka atandithokozapo ndi mawu otere.

Lero amamanga okha mabatani a malaya. Amagwira kapu ya tiyi ndi dzanja lamanja. A mafizo nditawauza anaseka, anati apitirize bola asasiye zina zija. Anzawo anabwerera pakhonde. Inenso ndinaphunzira kusewera, ndipo anzawo akapanda kubwera timamenyana awiriwiri.

Tsopano vuto langa ndi ili. Alamu anga a Dennis ataona zimenezi anasangalala kwambiri, kenako anabwera ndi fulashi yawo. Akufuna ndiwakopere bayosiyo ndi magemu onse, akaike pa makompyuta angapo ku vidiyo sho kwawo kuti anthu azilipira posewera. Helena anandichenjeza kale kuti fayiloyi ndi ya makina athu okha, si yogawa. Nditawauza alamu kuti ndiganize kaye, nkhope inasintha. Anati, "Alamu, fayilo si mchere woti mukandipatsa mutsala opanda. Tsiku lija akulu anga atagwa, ine ndinati ndiganize kaye?" Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndi oona. Pano nkhani yafika kwa apongozi ku Chiromo kuti mkazi wa Sebastiano wayamba kudzimva chifukwa cha kompyuta. Ine ndinakwatiwa kwa eni, Aphungu, abale anga ali kutali. Amuna anga ndikawafunsa amangoti, "Ntchito ndi yanu, muone nokha."

Kodi ndiwapatse? Nanga zimene ndachitazi, kutulutsa fayilo m'makina athu, ndaba kapena ayi? Ndithandizeni, sindikufuna chinthu chimene chadzutsa amuna anga chipasule ubale.

E. K., Nchalo

Mayi E. K.,

Tiyambe ndi kukuomberani m'manja. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiri mokweza kuti anzanga muofesi muno amve. Mayi wodziwa watsapu yokha wakhala pabenchi ya pamsika, walakwitsa, wakalipiridwa, wabwereranso mawa lake, mpaka bambo amene ankayang'ana kukhoma atuluka okha pakhonde. Amene akuti mukudzimva asiyeni anene. Muli nacho chifukwa.

Funso lanu lachiwiri ndilo losavuta. Ine si loya, koma mmene ndikudziwira, mwatsata njira imene okonza maemyuleta eni ake amalangiza: makina ndi anu, chimbale ndi chanu, fayilo mwaitulutsa nokha, ndipo mukuigwiritsa ntchito pakhonde panu. Gonani tulo. Pamene munatsetsereka ndi paja munakatsitsa ya pa intaneti, ndipo chilango chake munachiona kale.

Zimene akufuna alamu anu ndi nkhani ina. Bayosi ndi magemuwo zili ndi eni ake amene anazipanga. Inu munagula makina amodzi ndi chimbale chimodzi, simunagule ufulu wozichulukitsa. Kuzikopera pa makompyuta angapo kuti anthu azilipira ndi malonda a katundu wa eni. Zikadzavuta, wofunsidwa woyamba adzakhala a Dennis, ndipo akadzafunsidwa kumene anazitenga adzaloza pakhomo panu. Ndiye yankho langa ndi lakuti musawapatse. Helena wanena zoona.

Koma kukana kuli ndi kakanidwe kake, ndipo apa ndikufuna mumvetsere bwino.

Nkhaniyi si yanu nokha. Bambo akunyumba akamati "muone nokha" akubisala kumbuyo kwanu. Makinawo ndi awo, mng'onoyo ndi wawo, mayi amene akumva zoipa za inu ku Chiromo ndi mayi awo. Lilime limene linawerenga mayina khumi ndi limodzi pa TV lingathenso kunena kuti "ayi, mng'ono wanga". Akhazikeni pansi pa nthawi imene asangalala, muwauze mosapita m'mbali kuti: "Ine ndinagwira ntchito ya waya ndi mafayilo, ya abale anu gwirani ndinu." Mawu omwewo akachokera kwa mkulu wawo, a Dennis adzawalandira mosiyana ndi akachokera kwa mlamu.

Mukatero muwaitane a Dennis kunyumba, osati kukakambirana pamsika anthu akumva. Yambani ndi kuwathokoza, ndipo muthokoze kuchokera pansi pa mtima. Munthu amene anabereka mkulu wake kumsana pa njinga yamoto si mdani. Mwina mwa zonsezi chimene chikuwawawa n'chakuti aliyense akutamanda inu ndi laputopu, za tsiku lija palibe akuzikumbuka. Zinenani pamaso pa akulu awo. Komabe chifundo chimene anachita si chiphaso choti azilandira chilichonse chimene apempha, ndipo inu musavomere kuti zinthu ziwirizi zimangidwe mtolo umodzi.

Asachoke chimanjamanja. Muli ndi chinthu choposa fayilo, chimene ndi luso. Ngati akufuna gemu ya kunyumba kwawo, apeze pulesiteshoni yawo, ngakhale yakufa diso ngati yanuyo, ndi zimbale zawo, inu muwaphunzitse kutulutsa bayosi monga munaphunzirira. Ngati akufuna za bizinesi, apite kaye akafunse ku ofesi yoona za umwini wa luso kuti chololedwa n'chiyani. Ali kale ndi vidiyo sho, ndiye njira ya kumaofesi oterowo sangaisowe. Ndipo muwapatse padi yachiwiri Lamlungu, amenyane ndi akulu awo. Anthu awiri amene akukuwira chigoli chimodzi savuta kugwirizanitsa.

Za apongozi musazitengere pamtima. Musatumize mauthenga odziteteza pa foni, amangowonjezera moto. Atumizireni ya minibasi abwere adzacheze. Akadzaona mwana wawo akumanga yekha malaya ndi kuwapatsira kapu ndi dzanja lamanja, mlandu wa kompyuta udzathera pomwepo.

Tsopano za makinawo. Laputopu yakale m'chigwa chotentha ngati chanucho ikhoza kukusiyani tsiku lililonse osatsanzika. Sabata ino, osati yamawa, koperani bayosi yanu, gemu ndi timu ya ku Chiromo ija pa mafulashi awiri. Imodzi ikhale kunyumba m'botolo lotseka bwino, pamalo okwera. Ina akasunge Dyna ku Blantyre, kungosunga, osagawa. Kwanuko madzi amabwera osagogoda, mukudziwa kuposa ine. Pulesiteshoni yakaleyo musaitaye kapena kuigulitsa, ndiyo umboni wakuti fayiloyo ndi yanu. Lembaninso m'kope njira yonse imene munatsata, sitepe ndi sitepe, mukadali kuikumbuka. Muzipukuta fumbi potulukira mpweya, ndipo dzuwa likafika paliwombo muziipumitsa.

Wofunika kupuma winanso ndi wosewerayo. Gemu yathandiza chifukwa yawapatsa chifukwa chogwiritsira ntchito dzanja, koma si mankhwala ndipo si dokotala. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi asadumphe tsiku. Masiku a kuchipatala asaphonye, ngakhale timu itafika mu fainolo. Afunseni a mafizo kuti azisewera nthawi yaitali bwanji, ndipo pakati azidzuka, aziyenda, mwendo nawonso ukufuna ntchito. Mukadzaona pakamwa papotoka, mawu asokonekera mwadzidzidzi kapena dzanja lagwa, musadikire kuti aone ngati zisintha. Thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Chenjezo langa lomaliza likukhudza inuyo. Mwati mumamenyana awiriwiri. Ndikudziwa mtima wa mayi amene wadwazika: tsiku lina mudzaona atopa, nkhope yagwa, ndipo chala chanu chidzafuna kuphonya dala kuti iwo apambane. Musadzayerekeze. Adzadziwa, ndipo tsiku limenelo adzabwerera kukhala wodwala amene akumveredwa chisoni. Amenyeni zigoli mmene mungathere, mopanda chifundo. Tsiku limene adzakugonjetseni inu mutayesetsa ndi mphamvu zanu zonse, nonse awiri mudzadziwa kuti dzanja lija labweradi.

Aphungu